Kodi kukana munthu ntchito chifukwa cha zaka zake ndi tsankho, kapena ndi kupereka mpata kwa achinyamata?

Nachisale:

Ndakhala ndikuwerenga zimene anzathu amalemba muno kwa nthawi yaitali osayankhirapo, koma lero ndabwera ndi funso limene landisowetsa tulo. Ndili ndi zaka 54, ndipo ndinagwira ntchito yowerengera ndalama kwa zaka 27 mpaka chaka chatha pamene kampani yathu inachepetsa antchito. Mwa anthu asanu ndi anayi amene tinachotsedwa, asanu ndi awiri tinali opitirira zaka 50, ngakhale kuti palibe amene anatchula zaka zathu pakamwa.

Chichokereni kumeneko ndalemba makalata ambiri ofunsira ntchito, ndipo andiitanapo kawiri kokha. Ulendo wachiwiri, mkulu amene ankatsogolera mafunso anayang'ana chaka chimene ndinalandira satifiketi yanga, anamwetulira, n'kundifunsa kuti, "Kodi mayi, makompyuta a masiku anowa mudzawatha?" Chimene chinandipweteka n'chakuti ndine amene ndinasamutsa mabuku onse a kumene ndinkagwira kuchoka m'mapepala kupita pa kompyuta, ndipo ndinaphunzitsa anyamata ndi atsikana oposa khumi kagwiritsidwe ntchito kake. Zimenezi zinali zolembedwa m'kalata yanga imene inali patsogolo pake, koma zikuoneka kuti maso ake anaima pa chaka chija osapitirira.

Mwana wanga wamkazi ali ndi zaka 24 ndipo ali ndi digiri, koma iye amamukana pomuuza kuti sanagwirepo ntchito kwina kulikonse. Ndiye m'nyumba imodzi muli anthu awiri opanda ntchito, wina akuti wakalamba, wina akuti akadali mwana. Mlongo wanga anandiuza kuti ndisadandaule, popeza ine ndinadya kale gawo langa ndipo ndi bwino kusiyira ana. Mawu amenewa anandikwiyitsa, komabe mumtima mwanga muli kachigawo kamene kakugwirizana nawo, makamaka ndikamuona mwanayu atakhala pakhomo tsiku lonse. Kodi zimene zandichitikirazi ndi tsankho lenileni lofanana ndi kusala munthu chifukwa cha mtundu wake, kapena ndi mmene zinthu ziyenera kukhalira?

Bambo Mbewe:

Mayi Nachisale, ndi tsankho, ndipo ndikunena izi ngati munthu amene anakhala mbali inayo ya tebulo kwa zaka zambiri, popeza ntchito yanga inali yolemba anthu ntchito. Ndivomere poyera kuti inenso ndinachitapo zimene anakuchitiraniwo. Mukalandira makalata mazana atatu pa malo amodzi ndipo bwana akufuna mayina asanu pofika mawa, mumafunafuna njira yachidule yochepetsera muluwo, ndipo njira yosavuta koposa ndiyo kuyang'ana chaka chobadwa. Simunena kuti mukusala achikulire. Mumadziuza kuti munthu wazaka 50 adzafuna malipiro ambiri, adzavuta kumulamula ngati bwana wake ndi wamng'ono, adzadwaladwala, sadzakhalitsa. Zonsezi mumazigamula musanamuone nkhope, ndipo chifukwa choti anzanu onse pa tebulopo akuganiza chimodzimodzi, zimamveka ngati nzeru.

Za kusakhalitsa zinandichititsa manyazi nditabwerera m'mafayilo athu. Achinyamata amene tinkawakonda aja ankachoka patatha zaka ziwiri kapena zitatu akapeza pabwino, zimene sindikuwadzudzula nazo, pamene ochepa achikulire amene tinawalemba anakhala mpaka kupuma kwawo.

Khalidwe limeneli lili ndi dzina. Dokotala wa matenda a maganizo wa ku America, Robert Butler, ndi amene anayamba kulitchula kuti ageism mu 1969, ndipo ankalifanizira ndendende ndi kusala anthu chifukwa cha khungu kapena chifukwa choti ndi akazi. Dziko la America linali litakhazikitsa kale lamulo mu 1967 limene lero limaletsa kusala pantchito anthu azaka 40 kupita m'tsogolo, ndipo dziko la Britain linathetsa mu 2011 lamulo limene linkalola olemba ntchito kupumitsa munthu mokakamiza akangokwanitsa zaka 65. Koma lamulo lolembedwa silichotsa zimene zili m'mutu mwa wosankha makalata. Katswiri wa zachuma David Neumark ndi anzake awiri anatumiza makalata ofunsira ntchito oposa 40,000 a anthu ongopeka ku makampani a ku America, makalata ofanana m'zambiri koma osiyana zaka za ofunsirawo. Achikulire ankaitanidwa mochepa kuyerekeza ndi achinyamata, ndipo amene anasalidwa kwambiri anali akazi achikulire. Choncho pa inu, mayi, pagwa zinthu ziwiri nthawi imodzi, popeza imvi za mwamuna zimatha kumupatsa ulemu mu ofesi pamene za mkazi zimawerengedwa ngati kutha ntchito.

Malangizo anga ang'onoang'ono ndi akuti muchotse chaka chobadwa ndi zaka za masatifiketi m'kalata yanu ngati sanazifunse, ndipo muike pamwamba penipeni mapulogalamu a pa kompyuta amene mumawadziwa. Ndikudziwa kuti n'zopweteka kubisa zaka ngati kuti ndi mlandu, koma cholinga ndi choti mufike kaye m'chipindamo.

Chiyembekezo98:

Pepani akuluakulu, ndiyankhula mosiyana pang'ono, ndipo ndikupempha kuti musandione ngati wamwano. Zimene zinawachitikira mayi Nachisale si zabwino, ndipo funso la makompyuta lija linali lachipongwe. Komabe nthawi zonse nkhani ya tsankho la zaka ikayamba, imathera pa kudandaula kwa achikulire, pamene ife achinyamata timakumana nalo tsiku ndi tsiku ndipo palibe amene amalitchula kuti tsankho. Limatchedwa mwambo kapena ulemu.

Ndili ndi zaka 27 ndipo ndine injiniya. Pamsonkhano ndikapereka maganizo, amandiyamikira ngati mwana amene waloweza ndakatulo, kenaka patatha mphindi khumi mkulu wina amanena zomwezo ndipo zimalembedwa m'dzina lake. Ndikatsutsa, amati ana a masiku ano sadziwa kudikira. Timanenedwa kuti ndife aulesi, okonda mafoni, ofuna kulemera msanga, ndipo mawu amenewa amanenedwa pamaso pathu popanda wochita manyazi, pamene ine nditanena kuti okalamba ndi ouma mitu ndikhoza kuitanidwa kukapepesa. Lamulo la ku America limene bambo Mbewe atchulalo likuonetsa zomwezi, popeza limateteza azaka 40 kupita m'tsogolo basi, ndipo wazaka 25 akakanidwa chifukwa cha ubwana wake lamulolo silimudziwa. Ngakhale lipoti la mu 2021 la WHO, bungwe loona zaumoyo padziko lonse, limene anthu amakonda kutchula ponena kuti munthu mmodzi mwa awiri aliwonse padziko lapansi amaderera okalamba, linanenanso kuti ku Ulaya achinyamata ndi amene amadandaula kwambiri kuti amasalidwa chifukwa cha zaka kuposa misinkhu ina.

Taonani amene ali ndi mphamvu. Pafupifupi theka la anthu onse padziko lapansi sanakwanitse zaka 30, koma bungwe la Inter-Parliamentary Union, limene limalumikiza nyumba za malamulo za mayiko, limapeza kuti aphungu a nyumba za malamulo a msinkhu umenewu safika atatu pa 100 aliwonse. Ku Cameroon, Paul Biya, amene anabadwa mu 1933, wakhala mtsogoleri kuyambira 1982, kutanthauza kuti nzika zambiri za dzikolo zinabadwa iye ali kale pampando. Ku Nigeria achinyamata anachita kulimbana kwa nthawi yaitali kuti mu 2018 zaka zoyenerera kupikisana pa utsogoleri wa dziko zitsike kuchoka pa 40 kufika pa 35, ndi za uphungu kuchoka pa 30 kufika pa 25. Ndiye munthu akandiuza kuti dziko limakondera achinyamata, ndimafunsa kuti dziko lake liti. Ndipo ndinene mosabisa kuti mlongo wa mayi Nachisale ali ndi mfundo, chifukwa mipando ndi yochepa, ndipo wina akapanda kunyamuka winayo akhala chiimire.

Mphunzitsi Wopuma:

Mwana wanga Chiyembekezo, zambiri zimene wanenazo n'zoona, ndipo ndikuvomereza kuti mawu oti ulemu abisa nkhanza zambiri za akulu. Koma chiganizo chako chomaliza ndikuchikana, chifukwa ndinaphunzitsa zachuma kwa zaka zambiri ndipo maganizo amenewa ndi amene ndinkalimbana nawo chaka chilichonse m'kalasi.

Ntchito m'dziko si mipando ya m'basi imene chiwerengero chake chinakhazikika. Munthu amene akugwira ntchito amalandira malipiro, amagula katundu, amalipira msonkho, amalipirira ana sukulu, ndipo ndalama zimenezo ndi zimene zimabala ntchito za ena. Ukamuchotsa, sikuti wangotsegula malo amodzi, wachotsanso wogula mmodzi n'kuwonjezera wodalira ena mmodzi. Mayiko angapo a ku Ulaya anayesa njira imene ukuganizayo. Dziko la France linatsitsa zaka zopumira pantchito kuchoka pa 65 kufika pa 60 mu 1982, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake chinali kupereka mpata kwa achinyamata, koma ulova wa achinyamata unakhalabe wokwera kwa zaka zambiri zotsatira. Akatswiri Jonathan Gruber ndi David Wise anatsogolera kafukufuku wa mayiko khumi ndi awiri ndipo sanapeze umboni woti kupumitsa akulu msanga kumaonjezera ntchito za achinyamata. Kumene akulu ambiri ali pantchito, kawirikawiri achinyamatanso amakhala ali pantchito. Zoona, mu ofesi imodzi yokhala ndi udindo umodzi wa bwana, wina ayenera kuchoka kuti wina akwere, ndipo pa mipando ya ndale mfundo yako ndi yamphamvu chifukwa mpando wa mtsogoleri wa dziko ndi umodzi. Koma vuto la mtsogoleri amene wakhalitsa zaka 40 ndi kusowa kwa malire a nthawi yolamulira, ndipo akanakhala kuti anayamba ali ndi zaka 25 vutolo likanakhala lomwelo. Taona m'nyumba ya mayi Nachisale momwemo, kuchotsedwa kwa mayi sikunam'patse mwana ntchito, kwangochotsa amene ankamugulira mapepala olembera makalata ake.

Palinso china chimene ndimafuna anthu azidziwa, chakuti zaka zimene timaziona ngati malire a ukalamba zinachita kusankhidwa ndi anthu. Pamene Otto von Bismarck, mtsogoleri wa boma la Germany pa nthawiyo, anayambitsa penshoni ya boma m'dzikolo mu 1889, anaika zaka 70, ndipo zinatsitsidwa kufika pa 65 mu 1916. Panalibe dokotala amene anapeza kuti ubongo umazima pa tsiku limenelo, inali nkhani ya ndalama ndi ndale. Sindikukana kuti pali ntchito zina zimene zaka zimawerengedwa pa chifukwa chomveka. Oyendetsa ndege zonyamula anthu pakati pa mayiko amaimitsidwa akakwanitsa zaka 65, ndipo asanafike pamenepo amapimidwa thupi pafupipafupi, popeza kudwala mwadzidzidzi ali m'mwamba kungaphetse anthu mazana. Koma wowerengera ndalama akhoza kupatsidwa mabuku ndi kompyuta kwa ola limodzi, n'kuoneka pomwepo ngati akutha kapena ayi. Pamene pali njira yoyesera munthu mwiniwakeyo ndipo wolemba ntchito wasankha kuyang'ana chaka chobadwa, umenewo ndi ulesi chabe.

Chimene chimandiseketsa n'chakuti chiyankhulo chathu chili ndi zida za mbali zonse. Wofuna kutontholetsa mwana amati mawu a akulu akoma akagonera, ndipo wofuna kukankha mkulu amati tsabola wakale sawawa. Miyambi iwiri yonseyi imagwira ntchito imodzi, yoti tisamvetsere zimene munthuyo akunena koma tiyambe tawerenga zaka zake.

Namwino Nabanda:

Nonse mwakamba za ntchito, koma ndiloleni ndiipititse nkhaniyi kumene ine ndimaiona, chifukwa kuchipatala tsankho limeneli limafupikitsa moyo. Munthu wazaka 75 akabwera akudandaula bondo, kutopa kapena kusamva bwino, yankho limene limatuluka msanga pakamwa pa ife ogwira ntchito ndi lakuti, "Ndi ukalamba, agogo." Tikatero tatseka fayilo. Komatu bondo linalo lili ndi zaka zomwezo ndipo silikupweteka, ndiye kuti pali chimene chavuta chofunika kuchifufuza. Kutopa kukhoza kukhala kuchepa kwa magazi, shuga kapena mtima, ndipo kukhala chete ndi kusafuna kudya kukhoza kukhala matenda a kukhumudwa, amene amachizika pa msinkhu uliwonse. Ndaonanso kambirimbiri dokotala akufunsa mafunso kwa mwana amene waperekeza wodwala, mwiniwake ali pomwepo, akumva bwinobwino, akungoyang'ana uku ndi uku ngati katundu amene akukambidwa mtengo. Ena timawalankhula mokweza ndi mawu a kamwana, ndipo timaganiza kuti tikuwachitira chifundo.

Matenda oiwala amene amatchedwa dementia ndi amene amandimvetsa chisoni kwambiri. Si gawo la kukalamba kwa munthu aliyense, ndi matenda a ubongo, ndipo okalamba ambiri amafika kumapeto kwa moyo wawo nzeru zili bwinobwino. Koma chifukwa choti anthu amaganiza kuti nkhalamba iliyonse imasokonezeka, wodwala weniweni satengeredwa kuchipatala, ndipo amene sakudwala amalandidwa ufulu wosankha za ndalama zake ndi nyumba yake. M'mayiko angapo, mayi wokalamba amene wasochera usiku kapena akulankhula zosamveka chifukwa cha matendawa amanenedwa kuti ndi mfiti, ndipo ena aphedwa. Nthawi ya Covid-19 inaonetsanso poyera zimene zinali m'mitima, pamene mu Marichi 2020 bungwe la madokotala a odwala mwakayakaya ku Italy linalemba kuti mwina padzafunika kuika malire a zaka kwa olowa m'zipinda za odwala kwambiri. Sindikuwaweruza madokotala amene anali ndi makina opumira ochepa ndi odwala ochuluka, koma kunja kwa zipatala anthu ambiri ankadzitonthoza ndi mawu oti matendawa akungopha okalamba, ngati kuti imeneyo inali nkhani yabwino.

Chimene ndikufuna mayi Nachisale amve ndi ichi. Mwanena kuti mumtima mwanu muli kachigawo kamene kakugwirizana ndi mlongo wanu, ndipo kachigawo kameneko ndi kamene kakundidetsa nkhawa kuposa mkulu wa mafunso uja. Tsankho la zaka ndi losiyana ndi ena onse pa chinthu chimodzi, chakuti timaliphunzira tili ana pamene likunena za anthu ena, timaseka nalo kwa zaka makumi anayi, kenaka tsiku lina timapezeka kuti anthu enawo ndife, ndipo sitikhala ndi chodzitetezera chifukwa tinalivomereza kale. Katswiri wofufuza za ukalamba Becca Levy wa ku yunivesite ya Yale anafalitsa mu 2002 zotsatira za anthu 660 azaka 50 kupita m'tsogolo a m'tauni ina ku Ohio, amene anatsatiridwa kwa zaka zoposa 20, ndipo amene ankaona kukalamba kwawo ndi maso abwino anakhala ndi moyo zaka zisanu ndi ziwiri ndi theka kuposa anzawo. Chifukwa chake sichovuta kuchimvetsa kwa ife amene timakhala ndi odwala. Munthu amene wakhulupirira kuti kudwala ndi gawo lake samwa mankhwala mokhulupirika, sayenda, sabweranso kudzapimidwa, ndipo akathyoka mwendo sachita khama kuti aimirirenso.

Ndikudziwa kuti pa nkhani ngati iyi anthu amakonda kutchula John Goodenough, amene ntchito yake inathandiza kupanga mabatire a m'mafoni athuwa ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 2019 ali ndi zaka 97, kapena Malala Yousafzai wa ku Pakistan, womenyera ufulu wa maphunziro a atsikana, amene anailandira ali ndi zaka 17. Ine zitsanzo zimenezi sindizikonda kwenikweni, chifukwa zimamveka ngati nkhalamba iyenera kuchita zodabwitsa kuti tiione ngati munthu. Wodwala wanga wazaka 80 amene sanatulukire chilichonse ayeneranso kufunsidwa iye mwini kumene kukupweteka.

Chiyembekezo98:

Aphunzitsi, za France sindinkazidziwa, ndipo ndikuvomereza kuti pa chuma cha dziko lonse fanizo langa la mipando silikugwira. Komabe mu dipatimenti yathu udindo ndi umodzi, ndipo amene alipo wawonjezeredwa kontrakiti kachitatu popanda kulengeza malowo kuti ena tipikisane nawo. Sindikupempha kuti achotsedwe chifukwa cha zaka zawo, ndikupempha kuti atiyese tonse, ndipo akandiposa ndidzakhala chete.

Nachisale:

Zikomo nonse, ndawerenga kawiri zonse zimene mwalemba, ndipo zina ndamuwerengera mwana wanga. Achimwene a Chiyembekezo, pempho lanu lomalizali ndi langanso, popeza ine sindinapemphe kuti andilembe chifukwa cha imvi, ndinkangofuna kuti andikhazike pa kompyutayo.

Pali chinthu chimene mawu anu andikumbutsa ndipo sindinachinene poyamba. Zaka zisanu zapitazo ndinakhala nawo pa gulu losankha wondithandizira, ndipo panabwera mtsikana wazaka 23 amene anayankha bwino kuposa onse. Ndine amene ndinauza anzanga kuti tisamutenge, chifukwa ndinkati wa msinkhu umenewo sangasunge chinsinsi cha malipiro a anthu, ndipo posachedwa adzakwatiwa n'kutisiya. Sindinam'funse chilichonse chokhudza zimenezo, ndinangogamula, ndipo anzanga anagwedeza mitu kuvomereza. Dzina lake ndinaliiwala, koma kuyambira dzulo ndakhala ndikuona mmene anagwirira envulopu yake potuluka.

Bambo Mbewe, ndachotsa zaka zija m'kalata monga mwanenera, ndipo mwana wanga ndi amene wandikonzera maonekedwe ake pamene ine ndikumukonzera chiganizo chake choyamba. Pali malo ena amene akutseka kulandira makalata Lachisanu, ndipo tonse awiri tikufunsira.